Kapitawo Wachiwiri: Kuika Flatpak pa Kompyuta ya Ubuntu

Mnzanga wina ali ndi kashopu kosindikiza makadi a ukwati, makalendala a mipingo ndi zithunzi zopachika pakhoma. Ntchito yake yonse ili pa laputopu imodzi yakale imene anachotsamo Windows n'kuikamo Ubuntu 24.04, ndipo zithunzi amakonzera mu GIMP, pulogalamu yaulere imene ambiri amaifanizira ndi Photoshop. Mu Malichi 2025 opanga GIMP anatulutsa mtundu watsopano, 3.0, patatha zaka pafupifupi 7 chitulukireni 2.10. Iye atamva anagula bandulo, natsegula terminal, nalemba sudo apt update, kenako sudo apt upgrade. Kompyuta inakoka zimene inakoka n'kumaliza bwinobwino. Atatsegula GIMP, nambala inali yomwe ija, 2.10. Mawa lake anayesanso, koma zinali chimodzimodzi. Anandiimbira foni mawu atazizira, akuganiza kuti waononga kenakake.

Panalibe chimene anaononga. Kompyutayo inkangosunga pangano lake, ndipo panganolo ndi loyenera kulimvetsa tisanapite kukaitana wina woti atithandize kulilambalala.

Munthu wozolowera Windows akafuna pulogalamu amapita pa intaneti, amapeza fayilo, amadina, basi. Pa Linux mwambo ndi wina. Anthu amene amakonza Debian, Ubuntu kapena Fedora amatenga mapulogalamu kwa eni ake, amawamanga okha, amawakulunga m'maphukusi n'kuwaika m'nkhokwe imodzi. Pa kompyuta panu pamakhala kapulogalamu kamene ntchito yake ndi kupita kunkhokweko, kutenga phukusi limene mwapempha, kuona ngati chidindo chake n'chenicheni, kulimasula, kuika fayilo iliyonse pamalo pake ndi kulemba m'kaundula zonse zimene kachita. Pachingerezi amati package manager. M'mutu uno tizimutcha kapitawo, chifukwa sapanga katundu yekha, amangoyang'anira zolowa ndi zotuluka.

Kapitawo wa Ubuntu ndi APT, ndipo anachokera ku Debian, gulu limene Ian Murdock anayambitsa mu 1993. APT anayamba kugwira ntchito mokwanira mu Debian 2.1 ya 1999. Mark Shuttleworth wa ku South Africa atatulutsa Ubuntu woyamba mu Okutobala 2004, anamumanga pamwamba pa Debian n'kutengera kapitawo yemweyo. Dzina limene anasankha ndi la Chizulu ndi Chixhosa, mawu omwe aja amene kwathu timati umunthu. Nkhokwe ya Debian si yaing'ono: Debian 12 ya 2023 inatuluka ndi maphukusi oposa 60,000.

Vuto limene APT anathetsa ndi la kudalirana. Pulogalamu siima payokha. GIMP ikafuna kujambula batani pa sikirini, kuwerenga chithunzi cha JPEG kapena kulemba zilembo, imabwereka zida zimene anthu ena analemba kale, zotchedwa library. Pa Debian ndi Ubuntu chida chilichonse chimakhalapo chimodzi, ndipo mapulogalamu onse amatunga pamenepo ngati mudzi wa mjigo umodzi. Ubwino wake unaoneka mu Epulo 2014 pamene anthu anatulukira bowo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, chida chimene chimabisa uthenga woyenda pa intaneti. Okonza nkhokwe anakonza phukusi limodzi, ndipo mapulogalamu onse otunga pamenepo anapulumukira limodzi.

Koma mjigo wa mudzi wonse sungausinthe chifukwa cha banja limodzi. Mtundu watsopano wa pulogalamu nthawi zambiri umafuna zida zatsopano, ndipo mukasintha chida chimodzi kuti GIMP isangalale, mapulogalamu ena khumi akhoza kuyamba kutsimphina. N'chifukwa chake Ubuntu wa LTS, amene amatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kusamalidwa zaka 5, amatseka nkhokwe patsiku lotuluka. Kuyambira pamenepo amangomata mabowo ndi kukonza zolakwika, manambala a mapulogalamu ambiri sasuntha. Ubuntu 24.04 inatuluka mu Epulo 2024 ndi GIMP 2.10, ndipo idzakalamba nayo. Kwa munthu woyang'anira makompyuta a kubanki kapena achipatala, limeneli ndi dalitso lalikulu. Kwa mnzanga wa makadi uja, chinali chipika panjira.

Njira zachidule

Anthu akakumana ndi chipika chotere amafuna podutsa. Ena amatenga fayilo ya .deb pamalo alionse pa intaneti. Ena amaonjezera PPA, kankhokwe ka munthu payekha kosungidwa pa Launchpad, malo a kampani ya Canonical imene imapanga Ubuntu. Ena amafika posakaniza nkhokwe za mitundu iwiri ya Debian, chinthu chimene a Debian eni ake anachipatsa dzina loti FrankenDebian, kutengera chilombo chija cholumikiza ziwalo za anthu osiyana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti phukusi la .deb silingokhala ndi mafayilo. Lingathe kunyamula malangizo amene amayendetsedwa panthawi yoliika, ndipo amayendetsedwa ndi mphamvu za root, mwini nyumba amene palibe chitseko chomukaniza. Mukaonjezera PPA ndiye kuti mwapatsa mwini wake makiyi a nyumba yonse, lero ndi tsiku lililonse limene mudzalembe apt upgrade. Akakhala munthu wabwino koma wosasamala, angakusinthireni chida chimene theka la kompyuta limadalira. Akatopa n'kusiya, mumatsala ndi maphukusi amasiye amene amadzavutitsa posamukira ku Ubuntu wotsatira. Akakhala wa mtima woipa, nkhani yathera pomwepo. Ma PPA ena amasamalidwa ndi eni mapulogalamu ndipo ndi odalirika, koma ine sindilangiza munthu kuonjezera PPA ya munthu amene sakumudziwa chifukwa chongoona mzere wake pena pake.

Njira ina ndi kulemba ntchito kapitawo wachiwiri, wokhala ndi nkhokwe yake, chipinda chake ndi kaundula wake, amene sagwira katundu wa APT.

Mmene Flatpak amagwirira ntchito

Flatpak anayambitsidwa ndi Alexander Larsson, katswiri wa ku Sweden wogwira ntchito ku Red Hat. Poyamba ankatchedwa xdg-app, anasinthidwa dzina mu 2016, ndipo mtundu wa 1.0 unatuluka mu Ogasiti 2018. Dzinalo limakumbutsa mipando ya IKEA, kampani yochokera kwawo ku Sweden, imene imagulitsidwa yophwasula m'makatoni aphwatalala kuti wogula akalumikize yekha kunyumba.

Maganizo ake ndi akuti pulogalamu isamatunge pamjigo wa mudzi. M'malo mwake pali maziko angapo okonzedwa kale, otchedwa runtime, amene ali ndi zida zofunika kawirikawiri. Odziwika ndi atatu: a Freedesktop, a GNOME ndi a KDE. Wopanga pulogalamu amasankha maziko amodzi, amatchula nambala yake, ndipo chida chilichonse chimene mulibemo amachikulunga limodzi ndi pulogalamuyo. Pa kompyuta imodzi pangakhale maziko a chaka chino ndi a chaka chatha osakangana. Phukusi lomwelo limayenda pa Ubuntu, pa Fedora, pa Arch, ngakhale pa Steam Deck, kamakina kamasewera kamene Valve anatulutsa mu 2022, kamene mapulogalamu oonjezera amalowamo kudzera mwa Flatpak.

Pansi pake pali zida ziwiri. Choyamba ndi OSTree, chimene chimasunga fayilo iliyonse potengera zimene zili m'kati mwake, moti mafayilo awiri ofanana ndendende amasungidwa kamodzi kokha, ndipo pokonzanso pulogalamu kompyuta imakoka zokhazo zimene zasintha. Chachiwiri ndi bubblewrap, chimene chimamanga mpanda kuzungulira pulogalamu ikamayenda, kuti izingoona zimene yaloledwa kuona. Poika phukusi la Flatpak palibenso malangizo a mwini phukusi oyendetsedwa ndi mphamvu za root monga zimachitikira ndi .deb. Kwa ine, kusiyana kumeneku n'kofunika kuposa nkhani ya manambala atsopano.

Nanga bwanji pa Ubuntu Flatpak ndi mlendo? Chifukwa Canonical ali ndi kapitawo wawo wa mtundu womwewu, Snap, ndipo sitolo yake ndi imodzi yokha, yoyendetsedwa ndi iwo. Firefox wa mu Ubuntu 22.04 ndi 24.04 amabwera ngati Snap. Mu Febuluwale 2023 Canonical analengeza kuti kuyambira 23.04 abale ovomerezeka a Ubuntu, monga Kubuntu ndi Ubuntu MATE, asiya kubwera ndi Flatpak woikidwiratu. Linux Mint, amene amamangidwa pamwamba pa Ubuntu yemweyo, anatenga njira yosiyana: ali ndi Flatpak kuyambira mtundu wa 18.3 wa 2017, ndipo mu Mint 20 wa 2020 anatsekereza Snap kuti asamalowe mwakachetechete. Choncho pa Mint zimene tikufotokoza m'munsimu zinachitika kale. Pa Ubuntu ndi Debian muyenera kumuitana nokha.

Mizere iwiri

Mzere woyamba ndi uwu:

sudo apt install flatpak

Taonani kuti ndi APT amene akubweretsa mnzakeyo. Flatpak ali m'nkhokwe ya Ubuntu, m'chigawo chotchedwa universe chimene chimasamalidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo ndi bwino kumutenga kumeneko osati kwina. Akalowa amakhala chimanjamanja, sadziwa nkhokwe iliyonse. Mzere wachiwiri ndi umene umamuonetsa kokatenga katundu:

flatpak remote-add --if-not-exists flathub https://dl.flathub.org/repo/flathub.flatpakrepo

Mzerewu ndi woyenera kuuwerenga modekha, chifukwa chisankho chenicheni chili pano. Mawu oti remote-add akutanthauza kuonjezera nkhokwe yakutali. Akuti --if-not-exists akungouza kompyuta kuti ngati ilipo kale isadandaule. Dzina loti flathub ndi limene muzidzaitanira nkhokweyo. Chomaliza ndi adiresi ya kafayilo kakang'ono kokhala ndi zinthu ziwiri zofunika: kumene nkhokwe ili, ndi kiyi wa GPG woyesera chidindo. Kuyambira tsiku limenelo, phukusi lililonse lobwera m'dzina la flathub liyenera kukhala ndi chidindo chogwirizana ndi kiyi ameneyo, apo ayi limakanidwa. Mukalakwitsa adiresi, kapena mukakopera mzere wa munthu amene wasinthamo chilembo chimodzi, mwalandira kiyi wa munthu wina, ndipo kompyuta izimukhulupirira mokhulupirika ngati mmene ikanakhulupirira weniweniyo. Tengani mzerewu pa flathub.org pomwe, muuyang'ane kawiri musanadine Enter. Mukaona malangizo okuuzani kuonjezera --no-gpg-verify pa nkhokwe ya pa intaneti, akukuuzani kuchotsa loko pachitseko.

Flathub inayamba mu 2017, ndipo ndiyo nkhokwe yaikulu ya Flatpak, ngakhale si yokhayo. Fedora ali ndi yake, ndipo aliyense angakhazikitse yake.

Mukamaliza mizere iwiriyi, zimitsani kompyuta n'kuyatsanso, kapena tulukani mu akaunti yanu n'kulowanso. Ambiri amadumpha pamenepa kenako n'kumadabwa kuti pulogalamu yalowa koma chizindikiro chake sichikuoneka pa menyu. Chifukwa chake n'chosavuta: menyu imayang'ana zizindikiro m'mafoda otchulidwa pa mndandanda wotchedwa XDG_DATA_DIRS, ndipo mndandandawo umawerengedwa panthawi yolowa. Mafoda a Flatpak amaonjezekapo pokhapokha mutalowanso.

Pali chinthu china chosokoneza anthu. Flatpak ali ndi zipinda ziwiri. Chachikulu ndi /var/lib/flatpak, cha onse ogwiritsa ntchito kompyutayo, ndipo kusintha zam'menemo kumafuna chilolezo cha woyang'anira. Chaching'ono ndi ~/.local/share/flatpak, cha inu nokha, chimene mumachisankha poonjezera --user pa lamulo lililonse. Chipinda chilichonse chili ndi mndandanda wake wa nkhokwe. Mukaonjezera flathub ndi --user kenako n'kuyesa kuika pulogalamu kuchipinda chachikulu, akuuzani kuti nkhokwe yoteroyo sakuidziwa. Pa kompyuta ya banja kapena ya kalasi, sankhani chachikulu kuti maziko asakokedwe kawirikawiri. Pa kompyuta ya kuofesi imene simuli woyang'anira, chaching'ono chimakulolani kuika mapulogalamu popanda pasiwedi ya wina, bola Flatpak mwiniyo akhale ataikidwa kale.

Ofuna kudina m'malo molemba aonjezere phukusi la gnome-software-plugin-flatpak, kapena plasma-discover-backend-flatpak ngati ali pa KDE. App Center ya mu Ubuntu 24.04 sionetsa mapulogalamu a Flatpak.

Tsiku limene ndinapita kushopu ya mnzanga uja, tinakhala pa benchi kuseri kwa makina osindikizira, fungo la inki lili guu, foni yake itatsamira pa katoni ya mapepala ikupereka intaneti. Tinalemba:

flatpak install flathub org.gimp.GIMP

Maina a mapulogalamu a Flatpak amalembedwa chobwerera kuchokera ku adiresi ya eni ake: gimp.org imasanduka org.gimp.GIMP, mozilla.org imasanduka org.mozilla.firefox. Mukaiwala dzina, flatpak search gimp ikukumbutsani. Kompyuta inayamba yafunsa ngati tikulola kuti ikoke maziko a GNOME amene GIMP imafuna. Kenako inatulutsa zilolezo zimene pulogalamuyo ikupempha, ndi tebulo la zonse zoti zikokedwe, mzere uliwonse uli ndi kukula kwake kumapeto. Pansi pake panali funso loti tipitirize kapena ayi. Mnzangayo analoza sikirini ndi chala chothimbirira inki, akuphatikiza manambala chamumtima, nati, "Achimwene, pulogalamu imodzi yomweyi katundu yense uyu?"

Anali ndi chifukwa chofunsira. Pulogalamu yoyamba imakhala yodula, chifukwa imabwera ndi maziko, zida zoyendetsera zithunzi pa sikirini ndi zina, zonse pamodzi ma megabyte mazana angapo. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, zimenezo ndi ndalama zooneka. Ndinamuonetsa zinthu ziwiri pa tebulolo. Manambala aja ali ndi chizindikiro cha < kutsogolo, kutanthauza kuti sizipitirira pamenepo ndipo nthawi zambiri zimachepera. Mzere wa zilankhulo umaoneka waukulu koma kompyuta imakokako chigawo chokha cha chilankhulo chimene mukugwiritsa ntchito. Ndipo pulogalamu yachiwiri yomangidwa pa maziko omwewo imangobwera yokha. Komabe tinadikira mpaka atagula bandulo yokulirapo madzulo, ndipo ndi nzeru imeneyo.

Mpanda ndi mipata yake

Otsatsa Flatpak amakonda kunena kuti pulogalamu iliyonse ili m'khola. N'zoona, koma khola lililonse lili ndi mipata imene wokulunga phukusi anapempha, ndipo ena anapempha mipata yaikulu kwambiri. Kuti muone, lembani:

flatpak info --show-permissions org.gimp.GIMP

Mukapeza mawu oti host kapena home pa mzere wa filesystems, dziwani kuti pulogalamuyo ingawerenge ndi kulemba m'mafayilo anu onse. Mapulogalamu akuluakulu akale monga GIMP ndi LibreOffice akhala akupempha zimenezi chifukwa analembedwa kalekale mipanda isanabwere. Pulogalamu yokhoza kulemba m'foda yanu yaikulu ingathe kusintha kafayilo ka .bashrc, kamene kamawerengedwa nthawi iliyonse mukatsegula terminal, ndipo potero yadumpha mpanda. Chimodzimodzinso ndi x11: pa X11, njira yakale yojambulira mawindo, pulogalamu imodzi ingamvetsere zimene mukulemba mu ina, chinthu chimene Wayland, njira yatsopano, inatseka.

Sindikunena izi kuti muziopa GIMP. Eni ake ndi odziwika, ndipo GIMP ya APT ili ndi mphamvu zomwezo popanda kukuuzani n'komwe. Ndikunena kuti mndandanda wa zilolezo ndi woti muziwerenga, makamaka pa kapulogalamu kosadziwika. Kowerengetsera masamu kakapempha intaneti ndi mafayilo anu onse, funsani kuti n'chifukwa chiyani. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo pa kompyuta ya masiku ano phukusilo ndi zithunzi za ana, makalata a malo ndi mapasiwedi a kubanki.

Chimene ndimakondera Flatpak n'chakuti mipatayi mungaisinthe nokha. Mnzanga uja safuna kuti pulogalamu yokonzera zithunzi za makasitomala izilankhula ndi kunja, choncho tinaitsekera intaneti:

flatpak override --user --unshare=network org.gimp.GIMP

Nthawi zina vuto limakhala mbali inayo, mpanda wathina. Okonda masewera amene amaika Steam ya Flatpak amadabwa kuti siikuona diski yachiwiri imene amasungirapo masewera. Mankhwala ake ndi kutsegula mpata wa foda imodzi yokhayo:

flatpak override --user --filesystem=/mnt/masewera com.valvesoftware.Steam

Mukasokoneza, flatpak override --user --reset ndi dzina la pulogalamu imabweza zonse mwakale. Pali kapulogalamu kotchedwa Flatseal, kopezeka pa Flathub pomwepo, kamene kamaonetsa zilolezo zonsezi ngati mabatani oyatsa ndi kuzimitsa. Pempho langa ndi limodzi: pulogalamu ikakana kuona fayilo, musathamangire kuipatsa host. Tsegulani foda imene ikufunikayo basi.

Mapulogalamu atsopano safunanso mipata yaikulu chifukwa amagwiritsa ntchito zotchedwa portal. Pulogalamu ikafuna fayilo, windo losankhira limatsegulidwa ndi kompyuta kunja kwa mpanda, inu mumasankha, ndipo fayilo imodzi yokhayo ndi imene imaperekedwa m'kati, ngati wogulitsa pa wokala amene amakupatsirani sopo pazenera inu osalowa m'katimo. Portal zilipo zosindikizira, zojambulira sikirini, za kamera ndi zina.

Funso lotsatira ndi lakuti wakulunga phukusili ndani. M'nkhokwe ya Debian, phukusi limadutsa m'manja mwa wosamalira wa Debian asanakufikeni. Pa Flathub nthawi zambiri limachokera kwa mwini pulogalamu, kapena kwa munthu wongodzipereka amene anaona kuti pulogalamuyo ikusowa. Kuyambira 2023 Flathub imaika chizindikiro pa mapulogalamu amene eni ake atsimikizira kuti ndi awo. Firefox imaikidwa ndi Mozilla, OBS Studio ndi GIMP ndi eni ake. Ena otchuka, monga Spotify ndi Google Chrome, akhala akukulungidwa ndi anthu odzipereka, osati makampaniwo. Sikuti amenewa ndi oipa, ndipo malangizo omangira phukusi lililonse ali poyera kuti aliyense awerenge, koma muzidziwa amene mukumukhulupirira. Ngati mukukonzera kompyuta mayi anu kapena ana asukulu, mungachepetse zooneka kuti zikhale zotsimikizidwa zokha:

flatpak remote-modify --subset=verified flathub

Mukaika floss m'malo mwa verified, muziona okhawo amene malamulo awo amalola aliyense kuwerenga ndi kusintha mmene analembedwera.

Kukhala ndi akapitawo awiri

APT ndi Flatpak sauzana kanthu. Lamulo la apt upgrade silikhudza za Flatpak, choncho muzikumbukira flatpak update payokha. Apa ndi pamene pali mtengo wa kusiya mjigo umodzi uja. Bowo likapezeka m'chida chimene chili m'maziko, osamalira maziko amakonza kamodzi. Koma likapezeka m'chida chimene wopanga pulogalamu anakulunga yekha, mukudikira iyeyo. Maziko nawonso amakalamba: a Freedesktop amatuluka chaka chilichonse mu Ogasiti, n'chifukwa chake manambala ake ndi monga 23.08 ndi 24.08, ndipo amasamalidwa pafupifupi zaka ziwiri. Pulogalamu ikatsalira pa maziko otha ntchito, flatpak update imakuchenjezani. Chenjezo limenelo likamabwerabwera pa pulogalamu imodzi, ndiye kuti mwini wake wagona, yambani kufuna ina.

Maziko akale amene palibe akuwagwiritsa ntchito amadya malo pa diski, ndipo flatpak uninstall --unused imawasesa. Zosunga za pulogalamu iliyonse zimakhala mu ~/.var/app, m'foda ya dzina lake. Ndiye mukaika Firefox ya Flatpak n'kupeza kuti masamba amene munasunga mulibe, sanatayike, ali kumalo kwa Firefox yakale. Pochotsa pulogalamu fodayo imatsala pokhapokha mutaonjezera --delete-data. Ndipo mukasiya GIMP ya APT ndi ya Flatpak zonse, muziona zizindikiro ziwiri zofanana pa menyu. Ife tinasiya zonse kwa milungu iwiri mpaka mnzangayo atatsimikiza kuti mafayilo ake akale akutseguka bwino mu yatsopano, kenako tinachotsa yakaleyo ndi sudo apt remove gimp.

Flatpak anapangidwira mapulogalamu a mawindo. Kernel, ma driver a makina osindikizira, ma server ndi zida za mu terminal zisiyireni APT. Amene amafuna zida zatsopano za mu terminal ali ndi akapitawo ena, monga Homebrew amene Max Howell anayambitsa mu 2009 pa makompyuta a Mac ndipo anayamba kuyenda mwalamulo pa Linux mu 2019, kapena Nix wa Eelco Dolstra. Mafunso owafunsa ndi omwewa: katundu amaika kuti, kiyi ndi wa ndani, akonza ndani bowo likapezeka.

Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri a kumene intaneti ndi yotchipa sachilabadira, koma kwa ife n'chamtengo wapatali, ndi kunyamula mapulogalamu pa fulashi. Mbali imeneyi inalimbikitsidwa kwambiri ndi opanga Endless OS, Linux yokonzedwera madera a intaneti yovuta. Pa kompyuta imene ili kale ndi pulogalamuyo, mumayamba mwapatsa nkhokwe dzina lake lozindikirira, n'kulemba flatpak update kuti lilowe m'kaundula, kenako n'kukopera:

flatpak remote-modify --collection-id=org.flathub.Stable flathub

flatpak create-usb /media/dzina/fulashi org.gimp.GIMP

Pa fulashi pamapangika foda yobisika ya .ostree yokhala ndi pulogalamuyo pamodzi ndi maziko ake. Kompyuta yolandira iyenera kukhala ndi Flatpak ndi flathub yokhala ndi dzina lozindikirira lomwelo, ndipo poika mumaiuza kumene katundu ali:

flatpak install --sideload-repo=/media/dzina/fulashi/.ostree/repo flathub org.gimp.GIMP

Chidindo cha Flathub chimayenda limodzi ndi phukusi, moti kompyuta yolandirayo imachiyesa ndi kiyi yemwe uja ngakhale katundu wafika pa njinga. Wina akasintha kanthu pa fulashi, phukusi limakanidwa. Mapulogalamu amene amakoka chigawo china kwa eni ake panthawi yoika, monga Spotify ndi Chrome, sayenda m'njira imeneyi. GIMP imayenda. Mlamu wake wa mnzanga uja amaphunzitsa pasukulu ina yakumudzi imene inalandira makompyuta 12 akale oikidwa Linux Mint, kumene foni imagwira pokhapokha utakwera pachulu cha kuseri kwa ofesi. Loweruka lotsatira anabwera kushopu ndi fulashi ya 16 GB yomangirira pa chingwe cha makiyi, tinamukoperapo GIMP, LibreOffice ndi maziko ake, ndipo mzere wa --sideload-repo anaulemba ndi bolopeni kuseri kwa khadi la ukwati limene linasindikizidwa molakwika.